Tinadula Mayi Wamasiye, Olanda Malata Tinawasiya pa Gome

Lero ndilankhula ngati wodzitsutsa ndekha, pakuti pa mlandu umene ndifotokoze pano, nanenso dzanja ndinakweza.

Zaka zingapo zapitazo, pa mpingo wina umene sindiutchula, tinaika m'manda mbale wathu. Dothi la pamtumbira lisanaume, achibale a malemu anafika ndi ngolo. Anatenga njinga, makina osokera ndi matumba a chimanga, kenaka anakwera padenga n'kuchotsa malata. Ankati ndi mwambo. Awiri mwa iwo anali Akhristu athu, odya Mgonero wa Ambuye. Mayi wamasiye uja, atatsala ndi ana anayi ndi mphasa, anayamba kufulula mowa wamasese kuti apeze ya sopo ndi ya sukulu. Nkhani ya mowayo sinachedwe kufika ku bwalo la akulu a mpingo. Tinatsegula buku la malamulo, tinamudula. Ya malata ija sinafike n'komwe. Tinkati imeneyo ndi ya kubanja, aione amfumu.

Lamulo la mpingo loletsa mowa sindikulitsutsa. Ndaona mabanja ambiri amene mowa wawapasula. Koma ndimadzifunsa kuti, tsiku limenelo ndani ankatilamulira? Pa Eksodo 22:22 Mulungu akuletsa kuzunza amasiye, ndipo Yakobo, kumapeto kwa mutu woyamba wa kalata yake, akuyeza chipembedzo chathu ndi mmene timawasamalira. Pa Machitidwe 6, atumwi anasankhitsa amuna asanu ndi awiri chifukwa akazi amasiye ena ankalambalalidwa pogawa chakudya. Kwa iwo dandaulo la wamasiye linali nkhani ya mpingo. Ife tinagwira lamulo lathu ndi manja awiri, mwambo tinauopa, Malemba tinawawerenga pa maliro n'kuwatseka. Ndi zomwezo zimene Ambuye Yesu anadzudzula nazo Afarisi pa Marko 7, pamene mwambo wa Korban unkachititsa munthu kusiya makolo ake ali pa njala, iye akudziyesa wopembedza.

Wina asaganize kuti ndikunyoza chikhalidwe cha makolo athu. Amishoni atafika ku Mvera mu 1889 sanabwere ndi dzina la Mulungu m'sutikesi. Analipeza pakamwa pa agogo athu, ndipo ndi lomwelo lili mu Buku Lopatulika la 1922. Buku Loyera la 1998 linatenganso dzina lakale lakuti Chauta. Chilangizo chimene amayi athu amalangizira atsikana chinabadwa pamene mpingo unaona kuti chinamwali sichingangothetsedwa osaikapo kanthu m'malo mwake. Ngakhale pa maliro pomwepo, amene amasenza nkhuni, kusonkha ufa ndi kugona pa siwa ndi ofedwa, anaphunzira zimenezi kumudzi asanalowe kalasi.

Ndiye tiufunse bwino mwambo wa olanda chumawo. Inde, pakati pa Achewa katundu wa mwamuna ankapita kwa abale a kuchikazi kwake, makamaka ana a mlongo wake. Koma katunduyo anali khasu, nkhwangwa, mwina mbuzi ziwiri. Pa chikamwini, munda unali wa kwa mkazi, ana anali a mbumba ya kwa mkazi, ndipo amalume awo anali pomwepo kuwayang'anira. Wamasiye sankagona panja. Lero mwamuna ndi mkazi amamanga limodzi nyumba ya njerwa ndi ndalama za fodya amene anasoka onse awiri, ndiye wina abwere ndi ngolo n'kumati makolo anatero? Umenewo ndi umbombo wofunda nsalu ya agogo. Boma lomwe linaona: lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Zimandichititsa manyazi kuti Nyumba ya Malamulo inatsogola pa chinthu chimene Mose analemba kalekale.

Akulu anzanga, pa bwalo lotsatira, wamasiye akaitanidwa pa mlandu, tiyambe tamufunsa kuti katundu wa malemu ali kuti, ndipo amene anamutenga aitanidwenso, ngakhale atakhala osonkha kwambiri pa chitukuko cha tchalitchi.

Mayi aja tinawabwezera mu mpingo patapita chaka, ataulula kulakwa kwawo. Ife palibe chimene tinaulula. Malata aja anafolera nyumba ina, ndipo ndimaidutsa Lamulungu lililonse popita kukapemphera.