Musanagule TV, itembenuzeni kaye

Masiku ano mabanja ambiri amene ali ndi magetsi akufuna TV yopyapyala, ija timangoitcha "plasma". Tikalowa m'sitolo timafunsa zinthu ziwiri zokha: kukula kwake ndi mtengo wake. Ine ndikuti pali funso lachitatu lofunika kuposa amenewa: kodi TV imeneyi imadya magetsi ochuluka bwanji? Kusitolo mumalipira kamodzi, koma Credelec mumagula mwezi ndi mwezi.

Yankho lili kumbuyo kwa TV. Kumeneko kuli kapepala komata, ndipo pamenepo pali nambala yotsatana ndi chilembo W, monga 40 W kapena 200 W. Chilembo W chikuimira mawati, muyeso wa mphamvu imene chipangizo chimakoka. Nambalayo ikakhala yaikulu, magetsi amathanso msanga.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mawati 1000 akagwira ntchito ola limodzi amakwana kWh imodzi, ija mumaiona pa risiti ya Credelec. TV ya 200 W ikayaka maola 5 pa tsiku imadya kWh imodzi. Pa masiku 30 ndiye 30 kWh. TV ya 40 W yoyaka maola omwewo imadya 6 kWh basi. Mabanja awiriwa aonera mpira womwewo ndi nkhani zomwezo za TVM, koma lina lalipira kuwirikiza kasanu.

Dzina loti "plasma" limatisokoneza. Plasma yeniyeni ndi mtundu wakale, wolemera ndiponso wotentha kwambiri. Makampani a Panasonic, Samsung ndi LG anali atasiya kuipanga pofika kumapeto kwa chaka cha 2014. Choncho mukapeza plasma yeniyeni yotsika mtengo pamsika, dziwani kuti yatha zaka zoposa 10 ndipo imadya magetsi ambiri. Ma TV ambiri atsopano ndi a LED, amene amadya pang'ono. Kwa inu amene mumadalira sola ndi batire, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu, chifukwa batire likhoza kutha mpira usanathe.

Kutentha nako ndi chizindikiro. Pafupifupi magetsi onse amene TV imadya amasanduka kutentha m'chipinda mwanu. Ikani dzanja pamwamba pa TV imene yayaka ola limodzi. Ikakhala yotentha kwambiri, ndiye kuti ndalama zanu zikuthera pamenepo. Ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, TV imafunika mpweya kuti ikhalitse. Musaiphimbe ndi kansalu ikamayaka, musaipanikize m'kabati, ndipo muzipukuta fumbi pa timabowo ta kumbuyo.

Nanga zithunzi zowala zija zimene zimatikopa m'sitolo? Kumeneko TV amaitchera kuti iwale kwambiri, pofuna kukopa maso a ogula. Kunyumba kuwala kotero kumapweteka maso usiku ndipo kumadya magetsi. Tengani rimoti, fufuzani mawu oti "Brilho" ndi kuchepetsa pang'ono. Ngati pali mawu oti "Loja" ndi "Casa", sankhani "Casa". Dziwaninso kuti kukongola kwa chithunzi kumadalira zimene TV ikulandira kuchokera ku dikoda ndi antena. Zikabwera zosaoneka bwino, TV yaikulu imangokulitsa vutolo.

Ena adzati TV yaikulu ndi ulemu wa pakhomo, ndipo mpira wa Mambas umakoma anthu akadzaza m'nyumba. Zimenezo ndi zoona. Munthu amene amaonetsa mpira kapena mafilimu kwa anthu ambiri akufunikadi yaikulu, ndipo ndalama za pakhomo zimamubwezera. Koma m'chipinda chaching'ono, momwe mpando uli mamita awiri kuchokera pa khoma, TV ya mapolegada 32 kapena 40 ndi yokwanira. Ulemu umatha msanga ngati Credelec yatha pa 20 ndipo ana akulemba ntchito ya kusukulu mumdima.

Wogulitsa wachilungamo sangakane kukutembenuzirani TV kuti muone kapepalako. Mupempheni mwaulemu. Lembani nambala za ma TV awiri kapena atatu, chulukitsani ndi maola amene banja lanu limaonera, kenako sankhani. Wogulitsa akakana, pitani ku sitolo ina.