Maginito angachepetse ululu wa odwala shuga, koma sachiza mitsempha

Pafupifupi theka la anthu odwala matenda a shuga amaonongeka mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, ndipo ena amamva kutentha kapena kubaya kumapazi, makamaka usiku. Mankhwala monga amitriptyline ndi gabapentin sathandiza aliyense, n'chifukwa chake akatswiri akuyesa mphamvu ya maginito.

Njirayi, yotchedwa TMS, adaiyambitsa ndi Anthony Barker mu mzinda wa Sheffield ku England m'chaka cha 1985. Dokotala amaika kachipangizo pamutu pa wodwala, ndipo maginito amatakasa gawo la ubongo lolamulira kayendedwe ka ziwalo, popanda opaleshoni. Bungwe la FDA la ku America lidavomereza njirayi mu 2008 pothandiza odwala matenda ovutika maganizo.

Kafukufuku pa odwala shuga wakhudza anthu ochepa, ndipo ululu umachepa kwa kanthawi chabe. Makinawo ndi okwera mtengo, komanso sakonzanso mitsempha yoonongeka.

Choncho okonza ndondomeko zaumoyo asalekerere njira zodziwika kale: kuyeza shuga msanga, kuonetsetsa kuti mankhwala sakusowa m'zipatala, ndi kupima mapazi a odwala kuti zilonda zisafike podulitsa mwendo.