Tsamba Lobiriwira Si Umboni

Chaka ndi chaka, ikayandikira nyengo yakuti a Folomu 4 atsazike, pamabuka mkangano wa chinthu chimene tingagule ndi ndalama zathu zosonkha, chokhala ndi dzina ndi chizindikiro cha sukulu yathu. Ena afuna masikipa, ena zikwama, ena mabotolo a madzi. Chaka chino mkanganowo wafika pena, pakuti ogulitsa atitumizira mapepala okongola a zithunzi za katundu wao, ndipo pambali pa chinthu chilichonse ajambulapo tsamba lobiriwira ndi mau a Chingerezi akuti "eco-friendly", ndiko kunena kuti chinthucho sichiononga chilengedwe. Mtengo wake nawonso ndi wokwererapo. Anzanga ambiri, makamaka a m'kalabu yosamala zachilengedwe, akuti tilipire ndithu popeza ndi chinthu chabwino. Ine ndikupempha kuti tiyambe tafunsa, pakuti tsamba lija aliyense wokhala ndi makina osindikizira angathe kulijambula.

Chinyengo chotere si chachilendo ayi. Ku America anachipatsa dzina lakuti greenwashing m'chaka cha 1986. Mwini dzinalo, Jay Westerveld, anaona mahotela akupempha alendo kuti asamasinthe mataulo tsiku ndi tsiku "pofuna kuteteza chilengedwe", chikhalirecho chimene eni hotela anali kuteteza kwenikweni ndi ndalama zao zochapira. Mu 2020 akuluakulu a European Commission anafufuza mau otere a pa katundu wa ku Ulaya, napeza kuti oposa theka anali osamveka bwino kapena osocheretsa, ndi kuti 40 pa 100 alionse analibe umboni uliwonse. Ngati zili chomwecho kumene kuli malamulo ndi oyang'anira ochuluka, nanga katundu wofika kuno, kumene kulibe womufunsa mafunso?

Tiyambe ndi chikwama cha nsalu ya thonje, pakuti ndicho ambiri achikonda. Munthu akachiona pambali pa jumbo, sakayika kuti chikwama ndicho chabwino. Koma anzathu ochokera ku Chikwawa, Balaka ndi Salima adziwa bwino ntchito ya thonje: kulima, kupopera mankhwala kangapo m'nyengo imodzi, kutola, kenaka galimoto yolinyamula, makina ochotsa njere, kupota ulusi, kuomba ndi kunyika mu utoto. Zonsezi zidya madzi, mafuta ndi magetsi. Bungwe la Environment Agency la ku Britain linawerengera zimenezi, ndipo mu 2011 linalengeza kuti chikwama cha thonje chiyenera kugwira ntchito maulendo 131 kuti mpweya wotenthetsa dziko wotuluka pochipanga ulingane ndi wa majumbo amene chalowa m'malo mwake. A boma la Denmark mu 2018 anawerengera zoononga zamitundumitundu, osati mpweya wokha, napeza maulendo 7,100. Sindikunena kuti jumbo ndi labwino. Mawerengedwe amenewa sanaikemo majumbo otayidwa amene atseka ngalande ndi kupha mbuzi zathu zikawameza. Chimene ndikunena ndi ichi: ubwino wa chikwama uli pa kuchinyamula. Chikwama chonyamula mabuku kuchokera ku hositelo kupita m'kalasi tsiku ndi tsiku chikwanitsa maulendo 131 miyezi isanu isanathe. Koma chimene mwini wake achipinda nachiika pansi pa sutikesi kuti chikhale chikumbutso, chimenecho chaononga thonje pachabe, ngakhale chitakhala ndi masamba khumi.

Mau ena amene tiyenera kuchenjera nao ndi akuti "biodegradable", otanthauza kuti chinthu chimaola chokha. Funso ndi lakuti, chiola kuti, ndipo patapita nthawi yotani? Ophunzira a ku University of Plymouth anakwirira majumbo olembedwa mau amenewa m'nthaka, ena nawamiza m'nyanja. Mu 2019 anafotokoza kuti patatha zaka zitatu majumbo enawo anali akadali olimba moti munthu ankatha kunyamuliramo katundu wa kusitolo. Pali mtundu wina wotchedwa oxo-degradable, umene amauthira mankhwala kuti dzuwa liziuphwanya. Umenewo suola konse, ungosweka n'kukhala tizidutswa tating'onoting'ono tosakanikira ndi dothi, ndipo maiko a European Union anauletsa kuyambira mu 2021. Kuno kwathu boma linaletsa mu 2015 mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60, makampani anapita ku khoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho nchoyenera. Taonani kuti lamulo limeneli linatchula muyeso umene munthu angathe kuuyeza. Silinadalire mau okoma.

Pa mapepala aja palinso masikipa "a nsungwi". Apa ndinaseka pang'ono, chifukwa aliyense amene anasendapo nsungwi ya dengu adziwa kuti si chinthu chovala. Kuti nsungwi isanduke nsalu yofewa amaiphwanya, naisungunula ndi sodium hydroxide, yemwe uja aphunzitsi a sayansi amatiletsa kumugwira ndi manja, pamodzi ndi carbon disulphide, amene amadwalitsa minyewa ya antchito a m'fakitale ngati sasamalidwa bwino. Chotuluka pamenepo ndi nsalu yotchedwa rayon kapena viscose. Mu 2022 masitolo awiri aakulu a ku America, Walmart ndi Kohl's, analipitsidwa madola 3 miliyoni ndi 2.5 miliyoni chifukwa chogulitsa rayon ndi kumati ndi nsungwi yosaononga chilengedwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za kachizindikiro ka mivi itatu yozungulira kamene kali pansi pa botolo sindichulutsa mau. Nambala ya pakati pake, kuyambira 1 mpaka 7, imangonena mtundu wa pulasitikiyo. Sinena kuti pali munthu pafupi amene adzalitola botololo ndi kulisungunula. Pasukulu pano tonse tidziwa kumene zinyalala zathu zimathera: m'dzenje la kuseri kwa khitchini, ndi moto.

Wina angafunse kuti, kodi ndiye kuti zizindikiro zonse nzabodza? Ayi ndithu. Zilipo zimene kumbuyo kwake kuli anthu oyendera minda ndi mafakitale, amene sali antchito a wogulitsayo. Pa mapepala ndi mapensulo pali cha FSC, bungwe limene linayamba mu 1993 loona za kadulidwe ka mitengo m'nkhalango. Pa nsalu pali cha GOTS, chimene sachipereka pokhapokha magawo 70 pa 100 a ulusi, kapena kuposa, akhale olimidwa popanda mankhwala a m'fakitale. Zizindikiro zimenezi zimabwera ndi nambala ya chilolezo, ndipo nambalayo munthu angathe kuifufuza pa intaneti, ngakhale pa kompyuta ya m'laibulale muno. Nazonso zili ndi zofooka zake, pakuti oyendera sangakhale paliponse tsiku lililonse. Komabe pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene akukupatsa nambala yakuti ukafunse kwina ndi uja amene angoti "ndikhulupirireni".

Tsono pempho langa kwa a komiti ndi kwa aphunzitsi athu otiyang'anira ndi lakuti alembe kalata kwa wogulitsa aliyense. Amufunse kuti chinthucho chapangidwa ndi chiyani, magawo angati pa 100, ndi m'dziko liti. Akanena kuti nsalu yake yachokera ku mabotolo akale, anene ngati ndi yonse kapena kachigawo chabe, pakuti nthawi zina chobwezerezedwanso ndi pepala lokulungira lokha. Amufunse dzina ndi nambala ya amene anachitira umboni. Woona mtima ayankha mosavuta, ndipo ndalama yoonjezera ija tingamupatse ndi mtima woyera. Akayamba kuzungulira, tisalipire tambala ndi imodzi yomwe chifukwa cha tsamba.

Palinso njira ina imene sinalembedwe pa mapepala aja. Pamsika wa pafupi pano pali atelala amene amatsala ndi zidutswa za zitenje ndi nsalu za yunifolomu, ndipo kuli amai ndi abambo oluka zikwama za mlaza. Nsalu yotsala ija yapangidwa kale, kotero kuti kuisoka sikufuna munda wina wa thonje. Chizindikiro cha sukulu tingachisokerere pamwamba. Ena adzati zoterezi nzachimidzi, zosayenera munthu amene walemba mayeso a MSCE. Amenewo ndiwakumbutse kuti lamba wa chikwama cha telala akaduka, tidziwa khonde limene iye amakhala, ndipo atisokera tili chiimire. A komiti akumana sabata yamawa, ndipo ndikupempha kuti asanavomere mtengo wa ogulitsa akutali, atume anthu awiri kumsika Loweruka kuti akafunse mtengo wa telala.