Mayi Asasowe pa Benchi

Makolo anzathu, mu 2023 ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1, mphunzitsi wawo ali bambo Lovemore Fazili. Tonse tinanyadira. Komatu ku mpira wa ntchemberembaye Mary Waya ndi Peace Chawinga-Kaluwa anaphunzitsapo ma Queens, umboni wakuti ntchitoyi amayi amaitha.

Kuno ku Mzuzu ambirife timazengereza kulola mwana wamkazi kupita ku masewero ogonera komweko ngati omuyang'anira onse ali amuna. Pali zina zimene mtsikana angauze mayi yekha. Tsono mankhwala ake si kum'tsekera m'nyumba ayi. Tilimbikitse amayi amene anasewerapo mpira kuti akachite maphunziro a uphunzitsi, kuti timu iliyonse ya atsikana ikhale ndi mayi pa benchi.