Lekani kunyoza amayi obereka atsikana okhaokha

Pakhonde la chipinda chochilira pamafunsidwa funso limodzi mayi asanapume n'komwe: "Ndi mwana wanji?" Namwino akayankha kuti wamkazi, ndipo akakhala wachinayi motsatizana, nkhope za akuchimuna zimagwa. Ndinaonapo apongozi akutula pansi dengu la ufa limene anabwera nalo, n'kulankhula mokweza kuti mtengwa ameneyu wawathera mtundu. Mayi uja anali chigonere pabedi, akumva zonse, khanda lili pachifuwa. Mawu otere ndi nkhanza, komanso ndi bodza limene asayansi analitsutsa kalekale.

Nkhani yake ili motere. M'maselo a thupi la munthu muli timaulusi 46 totchedwa makromozomu, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo. Tiwiri mwa timeneti ndi tomwe timalamula ngati munthu akhale wamwamuna kapena wamkazi, ndipo anatipatsa mayina a X ndi Y. Mkazi ali ndi XX, mwamuna ali ndi XY. Choncho dzira lililonse la mayi limatenga X basi, alibe china choti apereke. Mbewu ya bambo ndiyo ili pawiri: pafupifupi theka imanyamula X, theka linalo Y. Mbewu zimatuluka mamiliyoni nthawi imodzi, koma imodzi yokha ndi imene imalowa m'dzira. Ikakhala ya X, pabadwa mtsikana. Ikakhala ya Y, pabadwa mnyamata. Zimatha pa tsiku lomwe pathupi paima, mayi asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera.

Zimenezi si zatsopano. Mayi wina wa ku America, Nettie Stevens, anazitulukira mu 1905 pounika tizilombo. Mu 1990 akatswiri ku London anapeza kachigawo ka Y kotchedwa SRY, kamene kamayambitsa ziwalo zachimuna mluza ukakwana masabata 6 kapena 7. Ana athu amaphunzira izi ku sekondale m'phunziro la Biology, amazilemba pa mayeso, koma kunyumba sizifika.

Musandimve ngati ndikuti tsopano mlandu ugwere abambo. Bambo sasankha mbewu yoti ifike msanga. Padziko lonse pamabadwa anyamata pafupifupi 105 pa atsikana 100 aliwonse, ndipo mimba iliyonse imayambira pachiyambi, sikumbukira za mimba yam'mbuyo. Mwa mabanja 16 a ana anayi, pafupifupi limodzi limakhala la atsikana okhaokha. Palibe amene analodzedwa, palibe amene anadumpha mwambo. N'chifukwa chake sing'anga wogulitsa mizu yoti "itembenuze chiberekero" amangodya ndalama za anthu osweka mtima. Mwana wamwamuna akabadwa amati mankhwala agwira, akabadwa wamkazi amati mayiyo sanasunge zizimba.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mtengo umene amayi amalipira. Wina amabereka kasanu ndi kawiri, thupi litatheratu, adokotala atamuchenjeza kale, chifukwa bambo akuti sangatseke asanaone mlowam'malo. Wina amangozindukira mkazi mnzake walowa pakhomo, kapena kumva kuti kuseri kuli mwana. Mwamuna wosintha mkazi pofuna mnyamata ali ngati mlimi wosamuka munda atanyamula mbewu yomwe ija. Mfumu Henry VIII ya ku England inachita zomwezi: inasiya Catherine of Aragon amene anaiberekera mtsikana, inadulitsa mutu Anne Boleyn mu 1536, pamoyo wake inakwatira akazi 6. Mwana wamwamuna amene inamupeza, Edward, anamwalira ali ndi zaka 15. Elizabeth, mwana wa Anne uja, ndi amene analamulira dzikolo zaka 44.

Ndipo onani kuti kulakalaka mnyamata si kwa aliyense. Kwathu kwa Achewa, kumene mtundu umayenda ndi mayi, mtsikana akabadwa pamamveka nthungululu poti mbumba yakula ndipo mudzi suferatu. Kumene kuli malowolo ndi chitengwa, dzina ndi malo zimatsata mwana wamwamuna, ndiye mkazi wobereka atsikana amaoneka ngati wawononga ng'ombe za eni. Thupi la mayi ndi lomwelo ku Dedza ngakhale ku Mzimba. Chasiyana ndi zomwe abale amayembekezera kwa iye.

Pempho langa likupita kwa anamwino a kusikelo ndi kwa ankhoswe. Masiku ano abambo akulimbikitsidwa kuperekeza akazi awo kusikelo, ndiye auzeni za X ndi Y ali pomwepo pabenchi, m'Chichewa chomveka. Inunso ankhoswe, mwamuna akadzabwera ndi dandaulo loti mkazi wake sakumuberekera mnyamata, musaitanitse mkaziyo kuti adzayankhe, chifukwa palibe mlandu umene wapalamula.