Zipangizo Zathu: Rimoti ya Galimoto Ikasiya Kumva

Tsiku lina m'nyengo yogulitsa fodya, gulu la alimi a pafamu ina kunja kwa Banket linapakira mabelo madzulo kuti lilawirire ku okushoni ku Harare, ulendo wa makilomita pafupifupi 95. M'bandakucha dalaivala anadina rimoti, koma galimoto inangoti zii. Atatsegula chitseko ndi kiyi, alamu inayamba kulira ndipo injini inakana. Mnyamata wina anatenga pulayala n'kudula mawaya pansi pa chiwongolero. Phokoso linatha, koma galimoto inagona masiku atatu kudikira makaniko wa ku Chinhoyi. Chonsecho vuto linali kabatire ka m'rimoti, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo.

Galimoto yomweyo ndi imene imathamangira ndi amayi oyembekezera kuchipatala cha Banket usiku. Choncho nkhaniyi ikukhudza alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a magulu, osati madalaivala okha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanadule waya, fufuzani motsatana, kuyambira pa zotsika mtengo.

Choyamba, kabatire ka rimoti. Ngati kanyali ka rimoti sikakuyaka, kapena masiku apitawa mumachita kuyandikira kwambiri kuti galimoto imve, kabatireko katha. Marimoti ambiri obwera ndi galimoto amagwiritsa ntchito kabatire kaphwatalala ka mavoti 3, monga CR2032, pamene a alamu yochita kuikitsa nthawi zambiri amafuna 23A kapena 27A ya mavoti 12. Nambala imalembedwa pakabatirepo. Tengani kakaleko popita kusitolo. Pukutani m'kati mwa rimoti ndi kansalu kouma, pakuti thukuta ndi fumbi zimachititsa dzimbiri.

Chachiwiri, batire ya galimoto. Alamu imadya magetsi ngakhale galimoto itaima, ndipo yokhala milungu ingapo osalizidwa imafooka. Batire yodzaza imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, ikatsika pansi pa 12, yafooka kwambiri. Onani ngati mitu yake yakhwepa kapena yachita ufa woyera. Itsukeni ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, kenaka mangitsani. Dziwani kuti ma alamu ena ali ndi batire yawoyawo, ndipo amalira mukangochotsa waya wa batire yaikulu.

Chachitatu, malo amene mwaima. Rimoti imatumiza uthenga ngati wailesi, ndipo zipangizo zina zotumiza mauthenga zimatha kuisokoneza. Yandikirani pagalasi la dalaivala n'kudinanso, kapena kankhani galimoto kamtunda pang'ono.

Chachinayi, fyuzi. Alamu yochita kuikitsa imakhala ndi fyuzi yake pafupi ndi kabokosi kake, kawirikawiri kunsi kwa chiwongolero. Ngati yapsa, ikani ina ya nambala yofanana. Musalowetse waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Galimoto ikhoza kuyaka moto. Ikapsanso, penapake waya wasupuka, ndipo apo mpofunika makaniko wa zamagetsi.

Nanga pali wodwala ndipo nthawi palibe? Ma alamu ambiri ochita kuikitsa ali ndi kabatani kobisika kozimitsira alamu popanda rimoti. Funsani amene anaiika akuonetseni pamene kali ndi kadinidwe kake. Pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan oliza ndi batani, kiyi wachitsulo amabisika m'kati mwa rimoti. Tsegulani chitseko ndi kiyiyo, pondani buleki, gunditsani rimoti pabatani lolizira, kenaka dinani. Kachipangizo kamene galimoto imazindikirira kiyi wake kamagwira ntchito ngakhale kabatire katatha.

Chenjeraninso pogula rimoti yatsopano. Magalimoto a ku Japan amamva pafupi ndi 315 MHz, pamene zipangizo zambiri za ku South Africa zimayendera 433 MHz. Rimoti ikhoza kufanana ndi yanu maonekedwe koma osamvana ndi galimoto, ndiponso yoyenerayo imafunika katswiri woilumikiza.

Pamsonkhano wotsatira wa gulu lanu, gwirizanani zinthu zitatu. Msungichuma asunge rimoti yachiwiri ndi kabatire katsopano. Anthu awiri odalirika, osati mudzi wonse, adziwe pamene pali kabatani kobisika. Ndipo galimoto iziyendetsedwa kamodzi pamlungu, ngakhale kulibe ulendo.

Tidzachezanso mwezi wamawa.