Mbuzi ya ku Ligowe iwerengedwenso

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, boma ndi mabungwe othandiza adawerengera zimene dziko lidataya. Adapeza kuti zoonongeka ndi zotayika zidakwana madola 506.7 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kunkafunika madola 680.4 miliyoni. Neno adali m'gulu la maboma amene adalengezedwa kuti agweredwa ngozi. Ziwerengerozi sitikuzinyoza ayi. Popanda izo, boma likadapita kukapempha thandizo chimanjamanja. Koma mlimi wa ku Ligowe ali pati m'menemo?

Mlatho ukakokoloka, mtengo wake suvuta kuupeza. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse lidadziwa kuti latayikidwa mamegawati pafupifupi 130, chifukwa mdima udafika m'nyumba za mabwana omwe. Zimene mlimi amataya zimachoka mwakachetechete. Mvula ikadula chimanga chikumasula, nkhokwe imatha msanga. Banja limagulitsa mbuzi nthawi imene aliyense akugulitsa yake, choncho mtengo umagwa pamene wa chimanga ukukwera. Bambo ndi mayi amakagwira ganyu m'minda ya eni, wawo n'kumadyedwa ndi udzu, ndipo zokolola za chaka chinacho zachepa kale. Mwana amakhala teremu yonse pakhomo posowa fizi. Msewu wa ku Neno, umene anthu akhala akuulirira kwa zaka zambiri, ukaonongeka ndi mvula, wogula manachesi ndi mbatatesi amachotsera mlimi ndalama za mayendedwe ake. Zonsezi ndi ndalama, koma gulu lowerengera limafika patangopita masabata ochepa ngozi itachitika, mbuzi isanagulitsidwe n'komwe.

Wina anganene kuti izi n'zazing'ono, akatswiri ali ndi makompyuta owerengera zonse. Tikumbukire chilala cha 2016. Malawi adali atagula inshuwaransi ya chilala ku African Risk Capacity. Anthu oposa 6 miliyoni adasowa chakudya, koma poyamba kompyuta idaonetsa kuti vuto silidafike polipira. Chifukwa chake? Idauzidwa kuti alimi amabzala chimanga chochedwa kucha, chonsecho ambiri adali atasinthira ku mbewu zocha msanga, zimene ng'amba idazipeza pa nthawi yoipa. Atakonza mfundo imodziyo, padatuluka madola 8.1 miliyoni, koma patapita miyezi yambiri anthu akuvutika. Mlimi aliyense akadatha kuwauza mbewu imene adabzala. Sadafunsidwe mu nthawi yake.

Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idanena mu 2022 kuti kusintha kwa nyengo kungachepetse chuma cha Malawi ndi 3 mpaka 9 peresenti pofika 2030. Chiwerengero chotere chimathandiza ku Capital Hill, koma sichingauze khonsolo ya Neno ngati ndalama zochepa zimene ili nazo zipite ku kalavati, ku ulimi wa mthirira kapena ku mbewu.

Tikupempha DoDMA ndi khonsolo kuti kuwerengera kusamathere pa masabata oyamba. Abwererenso m'midzi pakatha miyezi 6, ndiponso pakatha chaka, akafunse zimene banja lagulitsa, ngongole zimene latenga ndi masiku amene msewu sudadutsike. Ndipo azilemba ngakhale chaka chopanda namondwe wa dzina, pakuti ng'amba ya masabata atatu sipatsidwa dzina pa wailesi.

Ife ophunzira za ulimi ndi zowerengera ndalama tili ndi mbali yathu. Tchuthi chilichonse timabwerera kumidzi komweko. Kope limodzi lolembamo tsiku limene mvula yagwa, mbewu yobzalidwa, mtengo wa ndowa ya chimanga ndi wa mbuzi pa msika wa Ligowe, likasungidwa zaka zisanu mothandizana ndi mlangizi wa zaulimi, lingakhale umboni umene khansala angauike patebulo pokambirana bajeti ya khonsolo.